Wochedwetsa sitima alipire, basi

Lero ndalusa zedi, ndipo amene simukonda zolemba zazitali ingodutsani.

Dzulo madzulo ndinaperekeza azakhali anga ku siteshoni ya sitima. Iwo amagulitsa salaula ku Mazabuka, mabelo amaoda kuno ku msika wa Soweto mu Lusaka, ndipo pa basi katundu amawalipiritsa modula, n'chifukwa chake amadalira sitima. Tikiti anadula, ya katundu analipira, nthawi yolembedwa inakwana, sitima zii. Kunada. Azakhali anakhala pa belo lawo atadzikulunga chitenje mpaka kumutu, mayi wina pambali pawo akuyamwitsa mwana amene analira mpaka mawu kusasa, mafoni a anthu akuzima imodziimodzi. Ndinapita kwa bambo wina wa yunifolomu. "Pepani bambo, sitimayi ili pati?" Iwo amvekere, "Ikubwera amayi, yanyamuka ku Kabwe." Pakati pa usiku ndinabwererako, yankho lomwelo, yanyamuka ku Kabwe. Kabwe wake uti? Inafika kutacha. Palibe anatuluka kudzanena pepani. Palibe ngwee imodzi inabwerera m'manja mwa munthu.

Ndiye ine ndikuti wochedwetsa sitima azilipira. Osati mawa, osati akamaliza misonkhano yawo ya m'mahotela. Azilipira.

Taganizani. Inuyo mukachedwa ndi mphindi 5 sitima itafika kale, imakudikirani? Tikiti yanu yapsa. Mukakwera opanda tikiti akugwirani, chindapusa pompo. Mtsikana wogulitsa mu shopu ku Kamwala akafika mochedwa abwana amamudula malipiro osafunsa kuti unagona kuti. Mwana wa sukulu akachedwa amapeza geti yotseka, kenako chikwakwa m'manja. Ngongole ya pa foni mukachedwa kubweza imabereka ana. Dalaivala wa minibasi laisensi ikatha tsiku limodzi lokha, a RTSA oona za pamsewu alipo. Aliyense mu Lusaka muno ali ndi chilango chake akachedwa, kupatula amene amayendetsa sitima. Iwowo akhoza kukudyerani usiku wonse, m'mawa n'kupita kunyumba kukamwa tiyi, mwezi ukatha malipiro athunthu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma pano amene akumva m'mimba ndi okwera, pomwe makiyi a chitseko ali ndi wina amene m'mimba mwake muli phee. Adzadzukiranji? Mupatseni ululu wa m'thumba muone ngati sathamanga.

Ndikudziwa mubwera ndi nyimbo ija, njanji ndi zakale, zitsulo zikubedwa, injini n'zochepa, njanji ndi imodzi ndiye sitima zimapatsana mpata. Tamva. Takhala tikumva kuyambira ndili mwana. Zimenezo si za wokwera. Wokwera anagula ulendo wa nthawi yakutiyakuti, sanagule nkhani.

Ndipo musandiuze kuti njanji sizinaonepo ndalama. Mu 2003 boma linapereka njanji kwa kampani ya pulayiveti kuti iziyendetsa, mu 2012 boma la a Michael Sata linalanda, ati zinthu zaonongeka. Chaka chomwecho dziko linakongola Eurobond ya madola 750 miliyoni, ndipo madola 120 miliyoni mwa amenewo anapita ku njanji. Ngongoleyo ndi yathu tonse, ndi azakhali anga omwe. Ya pulayiveti inabwera n'kupita, ya boma inabwerera, koma wokwera anangokhala pa belo lomwelo akudikira. Chifukwa chake? Kaya mwini ndani, palibe amene analembedwa kuti ukachedwetsa anthu ulipira mwakuti.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti malamulo amatha kulembedwa akafuna. Mu 2018 anatulutsa lamulo la SI 7 lokakamiza kuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera monga kopa, simenti, shuga ndi malasha aziyenda pa njanji. Simenti ili ndi lamulo lake. Malasha ali ndi lamulo lake. Nanga la munthu wogona pa siteshoni lili kuti? Kapena tikhale matumba a simenti kuti atiwerengere?

Kwa anzathu si nkhani yachilendo. Ku Britain makampani ambiri a sitima ali ndi chimene amati Delay Repay: sitima ikachedwa mphindi 30 amakubwezera theka la mtengo wa ulendowo, ikafika ola limodzi amabweza yonse, ena amayambira pa mphindi 15 zokha. Ku Japan mu 2017 kampani ya Tsukuba Express inapepesa poyera chifukwa sitima inanyamuka masekondi 20 nthawi isanakwane. Masekondi! Ine sindikupempha za ku Japan, sindine wamisala. Ndikuti ola limodzi likadutsa bwezani theka, maola awiri bwezani yonse, pa foni pomwepo, poti aliyense ali ndi mobile money. Lembani pa bolodi kuti sitima ili pakuti ndipo ifika nthawi yakuti. Mukanama pa bolodipo, chindapusa chinanso. Ndipo ndalamayo isadulidwe kwa kalaliki wodula matikiti amene amatukwanidwa ndi ife pa windo, iye sanalakwe. Ichoke m'ma alawansi a akuluakulu oyenda pa magalimoto a magalasi akuda, amene sitima amangoiona pa kalendala ya mu ofesi.

Tsono za sitima ya mu tauni ndiye musandiyambe. Ana a masiku ano sadziwa kuti Lusaka inali ndi Njanji Commuter, yoyamba mu 1991, yochokera ku Chilenje kudutsa mu tauni mpaka ku George. Anthu a m'makomboni ankapita nayo ku ntchito pa mtengo wochepa. Mu 1998 sitima ziwiri zinawombana, n'kuima, kuima kwake mpaka lero. Njanji zinazulidwa, pamalopo anthu anamanga nyumba ndi tuntemba. Ndani analipira chifukwa chopha sitima ya mzinda wonse? Mu 2015 anatiyambitsiranso ina yopita ku Ngwerere ndi ku Lilayi, makamera mbwee. Pitani mukafunse munthu wa ku Ngwerere ngati angalonjeze abwana ake kuti 8 koloko ndikhala ndafika, podalira sitima.

Sitima ya anthu a ntchito imafunika kubwera pafupipafupi. Ikakusiya iyi, ina ibwere pakatha mphindi 20 kapena 30, makamaka m'mawa ndi madzulo. Yobwera mwa apo ndi apo palibe angaidalire, ndiye anthu amaithawa, kenako eni ake amati onani, anthu sakwera, tichepetse maulendo. Mwatithamangitsa nokha, lero mukuti sitikufuna? Lembani mu mgwirizano kuti pa tsiku maulendo akhale mwakuti. Ulendo umodzi ukasowa, lipirani. Ukachedwa, lipirani. Ukathera panjira, lipirani kawiri. Ku Dar es Salaam sitima za mu tauni zinayamba mu 2012 pa njanji zakale zomwezo, imodzi mwa izo pa njanji ya TAZARA imene theka ndi yathu. Ife kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 2 miliyoni mu boma la Lusaka lokha, onsewo tikupanikizana pa Great East, pa Kafue Road ndi pa Lumumba. Anatimangira milatho ya pamwamba ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres, chabwino, koma 17 koloko ikakwana magalimoto amangoti ndondondo, njanji ili pambali apo itagona.

Wochedwetsa alipire. Wochepetsa maulendo alipire. Wonena kuti yanyamuka ku Kabwe pomwe sakudziwa, amene anamutuma kunena zimenezo alipire.

Ndipo inu a minibasi musaseke, muli momwemo. Munthu ukwera basi poona kuti yatsala pang'ono kudzaza, kumbi theka la okhala m'katimo ndi angwangwazi, amatsika mmodzimmodzi, iwe ndalama wapereka kale ndipo kondakita sakufuna kubweza. Mvula ikangodontha mtengo wakwera. Mwalipira ya ku Chelstone, pa Munali akuti basi yathera pano, tsikani mukwere ina ya kumbuyo. Chenji ukafunsa, akuti ndikupatsani amayi, kenako munthu wasowa.