Dzina la David Marr lisasowe pa nkhaniyi

Zikomo alembi potifotokozera momwe makompyuta anaphunzirira kuzindikira zithunzi. Mwatchula wasayansi Fei-Fei Li ndi ImageNet ya 2009, nkhokwe yaikulu ya zithunzi zophunzitsira makompyuta, ndipo n'zoyenera. Koma mtima wandiwawa kuti David Marr simunamutchule n'komwe.

Marr anali wasayansi wa ku Britain. Anaphunzira ku yunivesite ya Cambridge, kenako anakagwira ntchito ku yunivesite ya MIT ku America. Khansa ya m'magazi inamutenga mu 1980 ali ndi zaka 35 zokha, buku lake la Vision n'kutuluka mu 1982 mwiniwake atapita kale. Iye ankati pofuna kumvetsa kuona, kaya kwa munthu kaya kwa makina, uyambe wafunsa kuti ntchito ikuchitikayo ndi yotani komanso ndi ya chiyani. Kenako ufunse njira yake, ndipo pambuyo pake ndiye uyang'ane chimene chikuigwira, ubongo kapena kompyuta. Akatswiri a maganizo a munthu amagwiritsabe ntchito mafunso amenewa, ndipo pali mphoto ya Marr Prize imene imaperekedwa kwa ofufuza za kuona kwa makompyuta.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa maganizo a Marr n'chakuti kuona kumayambira m'mphepete mwa zinthu, pamene kuwala kukukumana ndi mdima. Kwathu ku Mtendere magetsi akazima, mayi anga akaima pakhomo ndimawadziwa nthawi yomweyo, nkhope yosaoneka, koma mapewa ndi duku lawo basi. Ndikawaona choncho ndimakumbukira Marr. Ana athu a pa yunivesite ya Zambia (UNZA) amene akuphunzira za makompyuta ayenera kumuwerenga.