Fumbi ndi girisi ndizo zimagwira akisileta

Bambo mlembi, malangizo anu akuti akisileta ya Land Rover yakale ya asilikali ikamakakamira tingoikapo sipuling'i yolimba sindikugwirizana nawo, chifukwa sipuling'i yotero imadya kachitsulo kotembenuza chitseko cha kabyuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), mpaka injini imayamba kuyamwa mpweya cham'mbali. Kuno ku Chipata, makamaka kwa oyenda msewu wa ku Chadiza m'chilimwe, vuto limakhala fumbi losakanikirana ndi girisi, lomwe limauma gwa m'mfundo za ndodo zolumikiza chopondera cha akisileta ndi kabyuleta.

Masulani kaye ndodo yopita ku kabyuleta, mukankhe chopondera ndi dzanja kuti mudziwe mbali imene ikugwira. Kenako tsukani mfundo zonse ndi palafini, mudonthezemo oyilo wopepuka. Muonenso mphira zokhalira injini, pakuti zikatha injini imapendekeka n'kumakoka ndodo, ndipo galimoto ikhoza kuthamanga yokha pamtsetse.