Yezani kaye musanathire mpamba

Abale ndakwiya zedi. Alamu anga atenga ngongole ku banki m'khonde, apita pa Lizulu kukapikula tomato kuti akagulitse ku Lilongwe, chifukwa chake akuti mnzawo wina amapanga geni yomweyi ndipo pano wagula njinga yamoto. Ndawafunsa kuti alamu, dengu limodzi likamafika mu town likhala litadya ndalama zingati? Akuti tikaonera komweko. Tikaonera komweko!! Ndalama za eni ake, za chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi.

Bizinesi imafuna mutu wa injiniya. Injiniya samanga mlatho poti waona wina wamanga, amayamba wayeza nthaka, ayeze madzi amafika pati mvula ikakula, awerengere thiraki yolemera kwambiri imene ingadutsepo, kenako awonjezerenso mphamvu ina yapadera kuti zikavuta mlatho usagwe. Ife timangothira mpamba ndi chikhulupiriro basi.

Tengani kope ndi bolopeni mulembe. Mtengo wopikulira. Wokweza katundu pa galimoto. Thiransipoti ya inu ndi ya dengu, kupita ndi kubwera. Tikiti ya pamsika. Nsima ya masana. Ndiye tomato wapansi pa dengu uja, amene amafika ataphwanyika madzi akuchucha pa M1 yonse, amene mudzamugulitsa motchipa kwa amayi a chiwaya kapena kumutaya kumene, ameneyo mwamuwerengera? Nanga mukakapeza kuti tsiku limenelo magalimoto a tomato afika ambirimbiri mtengo wagwa, mutsala ndi zingati? Walira mvula walira matope.

Yezani kaye. Yambani ndi madengu awiri muone mmene zikuyendera, mukonze pamene pakudontha ndalama, kenako muwonjezere. Osati kukhuthula zonse ulendo umodzi.

Inde zinthu zadula, kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 ndipo tonse tikumva kuwawa, koma nchifukwa chakenso mukuyenera kuwerengera kwambiri. Mtengo wa chaka chatha si wa lero.

Onani pa ma trading centre athu kuno ku Ntcheu, wina akatsegula ka shopu ka Airtel Money ndi Mpamba mwezi usanathe pali tina tisanu moyandikana, makasitomala ake omwewo. Palibe anakhala pansi nkuwerenga kuti pamalopa pamadutsa anthu angati pa tsiku. Kachewere wa ku Tsangano chimodzimodzi, aliyense akufuna agulitse nthawi yokolola pamene wadzadza msika.

Chimene chimandinyansa kwambiri nchakuti mpamba ukatha timati chitaka, timati aneba andilodza. Chitaka chanji pamene ndalama ya bizinesi ndi ya ndiwo zili mthumba limodzi, achibale akutenga shuga ndi sopo pangongole osalembedwa paliponse, ndipo ukawakumbutsa akuti wayamba kunyada!