Chidole cha khanda chikhale ndi maso opeta

Amayi anzanga oluka ndi osoka zidole, ndi inu nomwe mumatigula, lero ndilankhulepo za maso. Chidole chilichonse chopita m'manja mwa mwana wosakwana zaka zitatu chisakhale ndi diso la batani, la mkanda, lomata ndi guluu kapena la pulasitiki. Diso lake likhale la ulusi, lopetedwa ndi singano. Ndikudziwa kuti ena mundikwiyira, poti paketi ya timaso takuda towala tija munaitanitsa kale ndipo ndalama zinapita. Pepani ndithu, koma ndinena basi.

Aliyense amene analerapo mwana akudziwa zimene khanda limachita likalandira chinthu chatsopano. Silichedwa nacho kuchiyang'ana. Kuchigwira, kuchitembenuza kamodzi, basi chapita kukamwa. Mano akayamba kumera nkhama zimayabwa, ndiye mwana amasakasaka polimba poti alumepo, ndipo pa chidole chofewa malo olimba ndi diso ndi mphuno basi. Aluma lero, aluma mawa, malovu akunyowetsa ulusi wozungulira disolo, mpaka tsiku lina lazuka. Chimene chimandiopsa ine n'chakuti mwana amene watsamwidwa kwenikweni, njira ya mpweya itatsekeka, salira. Mayi akhoza kukhala panja pomwepa akuyanika matewera osamva kalikonse.

Ku Ulaya ndi ku America oyeza zidole ali ndi kachitini kotambalala mamilimita 31.7 kukamwa kwake. Kachidutswa kalikonse kamene kangazuke pa chidole n'kulowa konse m'kachitinimo amakatenga kuti n'koopsa kwa mwana wosafika zaka zitatu. Timaso timene timagula ife ndi ta mamilimita 6, 8, 10 kapena 12. Tonseto timalowa popanda vuto. Choncho chitetezo chonse chimangotsamira pa chinthu chimodzi, choti disolo lisazuke. Malamulo a ku Ulaya otchedwa EN 71 amafuna kuti diso likokedwe ndi makina, ndi mphamvu yofanana ndi kupachikapo katundu wa makilogalamu pafupifupi 9, kwa masekondi 10, lisasunthe. Tinene zoona, ndani mwa ife oluka pakhonde amene amayeza chidole chake choncho? Timangokoka ndi zala pang'ono n'kunena kuti lagwira.

Wina anena kuti, koma mayi, ine sindigwiritsa ntchito mabatani, ndimaika a pulasitiki okhala ndi kawashala (kamphete kotsekera diso) kumbuyo aja, ogulitsa amati ma safety eyes. Chabwino, maso amenewo ali ndi mbiri yabwino ndipo sindikuwanyoza. Zidole za teddy bear zitayamba mu 1902, ku America komanso ku kampani ya zidole ya Steiff ku Germany, maso ake anali mabatani a nsapato. Kenako kunabwera a galasi, ambiri ongosomekedwa ndi kawaya, oti mwana amatha kusolola. Mayi wina dzina lake Wendy Boston, amene anali ndi fakitale ya zidole ku Wales, ndi amene mu 1948 anabweretsa diso la pulasitiki lotsekeredwa kumbuyo kwa nsalu, ndipo linathandiza kwambiri. Koma taonani pamene diso limeneli limagwira bwino: pa nsalu yothinana ya kufakitale, imene mwaboola kabowo kakang'ono kongokwana mwendo wa disolo. Zathu zoluka za crochet n'zosiyana. Choluka n'chamabowo chokhachokha, ndipo mabowowo amakula chidole chikamachapidwa, kufinyidwa ndi kukokedwa. Kawashala kaja sikachoka ayi, kamakhala kali nganganga pamwendo pake. Chimene chimachitika n'chakuti diso lonse, ndi kawashala komwe, limapyola pabowo monga mmene batani limatulukira pa bowo la malaya. Ulusi wonenepa wofewa wa velvet umene watchuka masiku anowu ndiye woipiratu pa nkhani imeneyi, chifukwa umaterera ndipo mabowo ake ndi aakulu. Ogulitsa ambiri a maso amenewa amalemba okha chenjezo loti si a ana osakwana zaka zitatu, kungoti ife sitiwerenga.

Tsopano kwa inu ogula, chifukwa vuto lina limachokera kwa inu. Munthu amabwera ku inbox, wachikonda chidole, kenako n'kunena kuti, "Asisi, n'chokongola, koma masowa bwanji? Simungaike owala aja ngati a m'shopu?" Ena amafika popempha kuti mtengo utsike, poganiza kuti wolukayo anasowa ndalama yogulira maso enieni n'kungosokapo ulusi. Abale, ndi zosemphana zimenezo. Kuika maso a pulasitiki ndi ntchito ya mphindi imodzi kapena ziwiri. Kupeta maso awiri oti afanane kumatha kudya theka la ola, nthawi zina kuposa, ndipo pamenepo ndi pamene pamaonekera amene manja ake anazolowera. Diso loyamba silivuta, aliyense akhoza kulipeta. Lachiwiri ndi limene limatulutsa thukuta. Likangokwera pang'ono kapena kukula ndi sitichi imodzi, kalulu wanu diso lina layang'ana ku Limbe, lina ku Zomba.

Poti ena amandifunsa mmene ndimachitira, ndifotokoze pang'ono, ngakhale aliyense ali ndi dzanja lake.

Pa zoluka ine ndimapeta mutu nditaudzaza kale thonje. Mutu wopanda thonje umanama: maso amene amaoneka olunjika uli wophwa amatalikirana ukafufuma. Ndisanagwire singano ndimabaya mapini awiri a mitu yakuda pamene ndikufuna maso, ndikuchiika chidolecho patali, kapena kuchijambula pa foni. Chithunzi chimaulula kupendekeka kumene maso ako akukana kuona. Ndikakhutira ndimawerenga mizere kuchokera pamwamba pa mutu, ndi masitichi a pakati pa maso awiriwo, kuti ndisadalire kungoyerekeza. Mapini aja muwerenge pobaya, muwerengenso pochotsa.

Ulusi wopetera uja umabwera wa tizingwe 6 topotana. Musaugwiritse ntchito wonse pa kankhope kakang'ono, gawani mutenge tiwiri kapena titatu. Singano ikhale yaitali yoti ipyole mutu wonse. Ndimalowera kumbuyo kwa mutu kapena m'khosi, kusiya kamchira ka ulusi panja, n'kutulukira pamene pali diso. Ndimayamba ndi kuzunguliza malire a diso, kenako n'kudzaza m'kati ndi masitichi ogundana, mmodzi pambali pa mnzake. Masitichiwo akhale aafupi. Sitichi yaitali kupyola sentimita imodzi imalendewera, ndipo kachala kapena dzino la mwana limakolamo. Diso likakhala lalikulu ndi bwino kuligawa pawiri. Ndikamaliza ndimabwerera kukatulukira pabowo lomwe ndinalowera, kumanga michira iwiri ija mfundo yolimba, n'kuikokera m'kati mwa thonje kuti isaoneke ndipo isagwirike. Mukaukoka pang'ono ulusi pobwerera, diso limalowa m'kati pang'ono ndipo nkhope imaumbika, masaya n'kutuluka.

Kadontho koyera kamene kamaikidwa pakona pa diso ndi kamene kamalipatsa moyo, koma kakhale mbali imodzimodzi pa maso onse awiri. Kamodzi kumanja kena kumanzere, chidole chimaoneka chosokonezeka mutu. Komanso ulusi wakuda wotchipa umasuluka. Unyowetseni kaye, muufinyire pa kansalu koyera muone, chifukwa nkhosa yoyera imene yachapidwa kamodzi n'kutuluka ndi mizere yakuda m'masaya palibe amene angaikonze. Ine pa zidole zoyera kapena zotuwa ndimakonda ulusi wa bulawuni wakuda, nkhope imafatsa kuposa ya wakuda bii. Amene mukuyamba kumene, yambani ndi maso ogona: kamzere kopindika kamodzi ndi tinsidze tiwiri kapena titatu. Savuta, ndipo pa chidole chogona nacho amakhala bwino kwambiri.

Za kukongola ndiye sindigonja n'komwe. Diso la pulasitiki ndi limodzimodzi kulikonse, la pa galu, la pa njovu, la pa chidole cha ku China, onse akuyang'ana mofanana. Ndi ulusi ukhoza kupanga chidole chamanyazi, chatulo, chodabwa kapena chamwano, pongosintha sitichi imodzi. Ndipo chimene chimapangitsa nkhope kukhala yokondeka si kuwala kwa diso koma malo ake. Katswiri wa khalidwe la nyama wa ku Austria, Konrad Lorenz, anafotokoza mu 1943 kuti anthufe timakopeka ndi nkhope ya mphumi yaikulu ndi maso okhala m'munsi, ngati ya khanda. Yesani nokha ndi mapini aja. Maso mukawakweza pamphumi n'kuwayandikizana, chidole chimaoneka chachikulire ndi chaukali. Atsitseni kufika pafupi ndi mzere wa mphuno, muwatalikitse pang'ono, muona chasanduka kamwana.

Zidole zambiri zimene ana athu ali nazo sizichokera kwa ife oluka, zimachokera pa kaunjika. Pamenepo ndiye pofunika maso anu enieni. Chidole chimene chadutsa m'manja mwa ana ena kunja, n'kupanikizidwa m'belo, nsalu yake yozungulira diso imakhala itatopa kale. Mukagula, chichapeni, chiume, kenako mugwire diso ndi mphuno mukoke mwamphamvu ndi kupotokola. Likagwedera, kapena mukangokayika, tsegulani msoko wa kumbuyo kwa mutu, muchotse onse awiri, mutseke mabowo, mupetepo atsopano. Ngati chili ndi ubweya wautali, metani pang'ono pamalopo kuti ulusi usamire. Muli momwemo pisani dzanja muone ngati mulibe kabokosi ka mabatire kapena timikanda tolemetsa chidole. Mabatire ang'onoang'ono ozungulira aja mwana akameza amawotcha kummero m'maola ochepa. Telala aliyense wa pamsika akhoza kukutsekerani msokowo ngati singano simuitha.

Sindikunena kuti diso lopeta ndiye basi mwagona tulo. Ulusi ukamasuka n'kulendewera umatha kukulunga kachala ka khanda n'kutseka magazi, choncho chidole chikachapidwa chiyang'anitsitseni, kamene kasomoka mukadule ndi kusokanso. Ndiponso madokotala a ana amalangiza kuti khanda losakwana chaka lisagone ndi chidole chofewa pogona pake, kaya maso ake ndi otani.

Ine munthu akandipatsa oda, funso langa loyamba si la mtundu wa ulusi, ndimafunsa zaka za mwana. Akati ndi mphatso ya baby shower, nkhani ya pulasitiki yathera pomwepo, ngakhale anene kuti chidolecho chizingokhala pa shelefu, chifukwa tonse tikudziwa kuti sichikhalitsa pamenepo. Akati mwanayo ali ndi zaka zisanu, ndimafunsanso ngati ali ndi mng'ono wake wokwawa, poti chidole cha mkulu chimathera m'kamwa mwa wamng'ono. Alipo amene amakwiya n'kukaoda kwina, ndipo ndimawalola apite. Amene mukufuna kuona kusiyana kwake, ndiika zithunzi za akalulu awiri a ulusi umodzi, wina wa maso a pulasitiki wina wa opeta, mundiuze nokha amene mungamutenge.