Ngati bandi yoyamba simukuifuna, khalani panja

Ndakwiya ndipo sindibisa mawu. Usiku wapitawu ndinali ku shoo ya hard rock ndi heavy metal, mabandi anayi pa tikiti imodzi, ndipo chimene chandisowetsa tulo si kulira kwa m'makutu ayi. Ndi khalidwe la anyamata ena, akuluakulu ndithu a ndevu zawo, amene anakaima kutsogolo kwenikweni, atatsamira chitsulo chotchinga siteji, n'kuyamba kunyoza bandi yotsegulira isanamalize n'komwe nyimbo yoyamba.

Anatembenuka dala n'kuwalozetsa nkhongo oimbawo. Nyimbo ikatha, anzawo tikuwomba m'manja, iwo n'kumakuwa dzina la bandi yaikulu imene inali kudzatseka shoo, mobwerezabwereza, ngati kuti kukuwako kuthamangitsa wotchi. Kenako mmodzi, wovala jekete yodzaza zigamba za mayina a mabandi, anaponya kapu ya mowa. Inakagwera pa mapazi a mnyamata woimba besi, mowa n'kumwazikira pa timabokosi tija amaponda posintha kamvekedwe ka gitala. Ndinali pafupi, ndinaona ndi maso angawa. Mnyamatayo anagwada, besi ili lende pakhosi, n'kupukuta timabokosito ndi m'munsi mwa malaya ake, kenako anadzuka n'kulowanso m'nyimbo. Sanatukwane munthu. Nyimbo itatha, mtsikana amene amatsogolera bandiyo anati zikomo chifukwa chobwera msanga, mawu akunjenjemera. Anyamata aja n'kufa nacho chikhakhali.

Amwene, chosekesa n'chiyani pamenepa? Mwapambana chiyani?

Munthu amene wakwera siteji kudzakuimbirani, mupatseni ulemu. Basi. Nkhani yanga ndi yomweyi ndipo ndiibwereza mpaka itakulowani. Simukumufuna? Palibe wakumangirirani pa chitsulo chija. Kumbuyo malo alipo, kogulitsira zakumwa kulipo, khomo munalowera lija silinatsekedwe. Pitani mukadikire kumeneko mpaka eni mtima wanu atatulukira. Koma kulanda malo akutsogolo, malo amene wina wofunadi kumvera akanaimapo, cholinga chongofuna kuchititsa manyazi ana a eni ake, umenewo ndi uchitsiru wopanda dzina lina.

Ndikudziwa yankho lanu, ndalimva kambirimbiri: ndalipira ndalama zanga. Inde mwalipira. Nanga ife tinalowa pa zenera? Pa tikitiyo panalembedwa mabandi anayi, osati imodzi. Ena tinabwera msanga chifukwa tinkafuna kumva onse, kuyambira woyamba. Ndalama zanu zinakugulirani malo oima ndi nyimbo zomvera. Sizinakugulireni ufulu wothira mowa pa zida za munthu, zida zimene mwina anasunga ndalama chaka chathunthu kuti agule.

Ena akuti ndi mowa, ena akuti ndi kutopa ndi kudikira. Zanu izo. Tonse tinadikira.

Kaya mumadziwa mmene bandi yotsegulira imavutikira kuti ifike pamaso panu? Bandi yaikulu imabwera ndi anthu ake onyamula katundu, womangira ng'oma, wotchunira magitala, wosamala mawu, wosamala magetsi. Masana imayesa zida zake modekha mpaka zonse zitamveka bwino. Anzathu otsegulirawa amanyamula okha maampulifaya kuchoka m'kagalimoto kamene agonamo, amalumikiza okha mawaya, ndipo nthawi zambiri sayesa n'komwe zida mokwanira, amangoona ngati waya aliyense akutulutsa mawu, kenako chitseko chatsegulidwa. Ng'oma za bandi yaikulu zimakhala zamangidwa kale pa nsanja yake kumbuyo, zofundidwa nsalu yakuda, ndiye woimba ng'oma wa bandi yoyamba amapanikizika kutsogolo, malo osakwana n'kutambasula mkono. Amawapatsa mphindi 25 kapena 30. Theka la ola loti aonetse zonse zimene akhala akukonza kwa zaka. Malipiro ake ndi oti mafuta a galimoto okha atha nazo, ndipo pa maulendo ena bandi yaing'ono imachita kulipira yokha kuti iloledwe kutsegulira. Chimene amadalira ndi kathebulo kaja ka pakona kogulitsira matisheti ndi ma CD, komwenso eni malo ena amadulapo gawo lawo. Akangotsika pa siteji, thukuta lili kamukamu, ayenera kuchotsa katundu wawo mothamanga kuti bandi yachiwiri ikwere.

Ndiye munthu wotereyu inu n'kumulandira ndi nkhongo? Ndi kapu ya mowa?

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri ndi jekete ija. Zigamba mbwee: Iron Maiden, Metallica, Van Halen, Black Sabbath. Bambo inu, mayina mwasokerera kumsanawo mukuidziwa mbiri yake, kapena munangogula kuti muzioneka? Van Halen mu 1978 inkatsegulira Black Sabbath, ndipo mpaka lero anthu amasimba mmene anyamata achilendowo ankawaphimbira eni shoo. Iron Maiden mu 1980 inkatsegulira Judas Priest ku Britain, chaka chomwecho n'kukatsegulira Kiss m'mayiko a ku Ulaya. Metallica mu 1986 inayenda miyezi ingapo ku America ikutsegulira Ozzy Osbourne, woimba woyambirira wa Black Sabbath. Guns N' Roses mu 1988 ku chikondwerero cha nyimbo cha Monsters of Rock, ku Donington ku England, inaimba masana, dzina lake lili m'munsi pa chikwangwani, pamwamba pali Iron Maiden. Onsewa anakhalapo bandi ija anthu amafika ikuimba kale, ena akadali pa mzere panja. Mukanakhalapo nthawi imeneyo, mukanawaponyera mowa omwewa mwawavala kumsanawa. Musakane, mukanatero.

Ndipo amtundu wanu si achilendo. Mu 1967 Jimi Hendrix anaikidwa kuti azitsegulira The Monkees ku America. Iye akuliza gitala, ana odzaza bwalo ankangokuwa dzina la Davy Jones, woimba wa The Monkees, mpaka munthuyo anausiya ulendowo utangoyamba kumene. Aja anali ana, tiwakhululukire. Nanga inu a ndevu?

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Simungafune chimanga n'kumapondereza mmera.

Wina anandiuza potuluka kuti ndisadandaule, heavy metal ndi nyimbo zaukali, zotere zimachitika. Ayi, musandinamize. Ukali wa metal uli m'magitala, uli m'ng'oma ziwiri za kuphazi zikamagunda pachifuwa, uli m'khosi mwa woimba. Suli pa kuzunza munthu amene sangakubwezere chifukwa manja ake agwira chida. Ngakhale pakati paja timagundana ndi kukankhana, pa mosh pit, pali lamulo limene aliyense amalidziwa popanda kulilemba: mnzako akagwa, mudzutse. Ndaonapo bwalo lonse litaima chifukwa cha munthu mmodzi amene wataya magalasi a maso, zimphona zitagwirana manja kumutchinga mpaka atawapeza. Anthu ake ndi amenewo, ndipo n'chifukwa chake ena timazikonda nyimbozi ngakhale achibale amatiyang'ana ngati tazungulira mutu. Tsono ngati timadzutsa mlendo amene wagwa pansi, chovuta n'chiyani kuwombera m'manja mlendo amene waima pa siteji?

Sindikunena kuti bandi iliyonse yotsegulira ndi yabwino. Zina zimatopetsa, woimba mawu akusemphana ndi gitala, wa ng'oma akuthamanga yekha. Bandi yachiwiri ya dzuloli ineyo sinandigwire mtima, ndipo ndinangopita kukamwa madzi n'kubwerera. Palibe amene ndinamutukwana, palibe amene anadziwa n'komwe kuti ndachokapo. Kusakonda ndi ufulu wanu. Kunyoza ndi khalidwe lanu loipa, musazisakanize.

Onani zimene eni ake a nyimbozi amachita. Pa 5 Julayi 2025, ku Villa Park mu mzinda wa Birmingham komwe Black Sabbath inayambira mu 1968, kunali shoo yotsanzikana ndi bandiyi. Mastodon ndi imene inatsegula tsikulo. Slayer, Pantera, Tool, Guns N' Roses, Metallica, mabandi oti paokha amadzaza mabwalo aakulu, onse anavomera kuimba nyimbo zochepa chabe n'kutsika, kusiyira malo akuluakulu. Metallica yomwe ija inatsegulira Ozzy mu 1986 inabweranso kudzamutsegulira, patangotsala masiku 17 kuti amwalire. Iwo sanaone ngati kutsegulira n'kunyozeka. Ndiye inu ndinu ndani? Mwaimbapo pati? Gitala munaigwirapo, kapena mumangodziwa kugwedeza mutu ndi kukweza zala ziwiri m'mwamba?

Ulemu kwa woyamba. Ndi zokhazo ndikupempha. Simukufuna kuwomba m'manja, pindani manja anuwo mukhale chete. Simukufuna kukhala chete, tulukani. Mphindi 30 sizinaphepo munthu. Ndipo inu nonse amene munaima pafupi n'kumangoyang'ana kumbali ngati simukuona, nanunso mwandikhumudwitsa. Tinalipo ambiri, iwo anali ochepa. Mayi mmodzi yekha, wamfupi, wa tsitsi la imvi, ndi amene anamugwira phewa woponya kapu uja n'kumufunsa ngati kwawo kulibe akulu. Anachita manyazi? Pang'ono pokha. Alonda a pa siteji nawo anangoti tuzu, ngati kapu youluka si ntchito yawo. Ikanagwera bandi yaikulu bwenzi munthuyo atatulutsidwa miyendo ili m'malere.

Nanunso okonza mashoo musabisale kumbuyo kwa anyamatawa. Mumalemba kuti zitseko zitsegulidwa nthawi yakuti, bandi yoyamba n'kuikweza patangopita mphindi zochepa, anthu akadali kusechedwa pakhomo. Aimbire ndani, mipanda? Mawu mumawatsitsa dala kuti bandi yaikulu idzamveke yamphamvu, magetsi mumawayatsira awiri okha ofiira, mayina awo pa chikwangwani timalemba tating'ono toti mpaka munthu atsinzine diso limodzi. Mukawaonetsa anthu kuti awa ndi osafunika, mukudabwa chiyani anthu akamawatenga ngati osafunika?

Ndipo bandi yaikulu ija itakwera, imene ankaikuwira usiku wonse, mukudziwa anachita chiyani anyamata aja? Anatulutsa mafoni. Onse. Mikono m'mwamba kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ife akumbuyo tikuonera shoo pa kagalasi ka foni ya munthu wina. Woimba gitala akudzipha ndi solo patsogolo pawo penipeni, iwo ali kalikiliki kusintha mbali ya kamera kuti nkhope zawo zilowemo. Kanema wake wogwedera, mawu ophulika okhaokha, woti ngakhale iwo eni sadzamuoneranso. Wina mpaka anayatsa tochi ya foni kumuwalitsa m'maso woimba ng'oma. Tochi, pa shoo ya metal!