Kukoma Akukoma, Koma Mchere Wachuluka

Nkhani ina imene ndawerenga yanena zoona kuti mabaga opangidwa kuchokera ku zomera amafanana ndi nyama ya ng'ombe, koma sindikugwirizana ndi mfundo yakuti aliyense angamadye mosadera nkhawa za thanzi. Ndinalawa Beyond Burger, yomwe imapangidwa ndi mapuloteni a sawawa, ndipo ndinadabwa kuiona ikuchucha mafuta pachiwaya ngati nyama yeniyeni, ngakhale kuti potafuna inali yofewa mopitirira. Impossible Burger, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2016, inandikomera kwambiri chifukwa ili ndi heme, chinthu chimene chimapatsa nyama fungo lake. Komabe mabaga onsewa ali ndi mchere wambiri kuposa nyama yogaya yosathira kanthu, choncho odwala matenda othamanga magazi aziwerenga kaye zolembedwa papaketi asanagule.