Kwacha ikafika pa Calomue imachita manyazi

Ndikukula ku Ulongwe kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kwacha ya ku Malawi inkayenda m'misika mwathu ngati kwawo. Sopo, mchere, shuga, zonse tinkagula ku Dedza. Lero mayi wogulitsa mbatatesi pa Calomue, pa malire athu ndi Dedza, ukamupatsa kwacha amayamba waitembenuza kaye, kenako n'kukuwira wosintha ndalama kuti, "Achimwene, lero ili pati?"

Mayiyu salakwa. Mu May 2022 a Malawi anachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, mu November 2023 n'kuichepetsanso ndi 44 peresenti, patatsala masiku ochepa kuti IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko, iwavomere ngongole. Amene anagona ndi makwacha a chimanga chake pansi pa mphasa anadzuka ali wosauka. Mgwirizano wa IMF uja unathera panjira mu 2025, madola akusowabe, magalimoto akugona pamizere ya mafuta. Metikali, ndalama yathu ya ku Mozambique, yakhala pa 63 kapena 64 pa dola kuyambira 2021.

Koma tisadzitame msanga. Mu 2016 zitaululika ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, zija za makampani a boma lathu a Ematum, ProIndicus ndi MAM, IMF ndi mayiko othandiza anatseka mpopi, metikali inagwa mpaka kuyandikira 80. Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma, khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024, koma mchere tinaugula modula ndi ife.

Chimene chimandizunguza mutu ndi feteleza. Kuyambira 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma la Malawi limapatsa alimi feteleza wotsika mtengo. Alamu anga a ku Ntcheu amawerengera kuponi ngati mvula. Kuno pulogalamu yaikulu chotero kulibe. Ukafuna thumba, gulitsa mbuzi kapena lima fodya wa kontirakiti. Komabe njala ikavuta, chimanga ndi nyemba zimachoka ku Angónia ndi ku Tsangano kupita kwa a makuponi omwewo, pa njinga ndi pa njinga zamoto. Nthaka ya kuno ndi yambiri ndipo sinatope, n'zoona. Koma fetelezayo amagulidwa kunja ndi madola, madola omwewo amene akufunika pogula mafuta ndi mankhwala. Kuponi imene alamu amalandira mu November amaibweza pang'onopang'ono chaka chonse pa mtengo wa minibasi.

A Zambia, kuseri kwa malire a Cassacatiza, analephera kubweza ngongole mu 2020. Hakainde Hichilema atalowa upulezidenti anachotsa chithandizo cha pa mtengo wa mafuta mu December 2021, anthu analira, koma mu 2023 anamvana ndi mayiko owakongoza pa madola 6.3 biliyoni. Mwa atatufe, ndikuona kuti iwo ndiwo anameza mankhwala owawa osalavula.

Ife a ku Tete vuto lathu ndi lina. Ndalama yaima nji, koma chuma chimangotidutsa pakhomo. Magetsi ambiri a ku damu la Cahora Bassa amapita ku South Africa. Malasha a ku Moatize, mgodi umene kampani ya Vale inagulitsa ku kampani ya Vulcan mu 2022, amakwera sitima kudutsa m'Malawi momwemo mpaka ku Nacala. Mbatatesi ya ku Tsangano ilibe sitima. Mvula ikagwa, lole ikatitimira m'matope, mlimi amagulitsa kwa aliyense amene wafika pamunda, ngakhale atabwera ndi makwacha.